Fumbi la mu Eyakoni Yathu ku Machinjiri

Pa mzere wathu wonse ku Machinjiri, nyumba yokhala ndi eyakoni inali yathu yokha. Sikuti tinali olemera ayi. Amuna anga anali kalaliki pa fakitale ina ku Makata, ine ndinkaphunzitsa ku pulayimale. Matipate atangobwera, zinthu zitayamba kukwera mitengo tsiku ndi tsiku, fakitaleyo inatsekedwa. Tsiku lotsazikana, mabwana anauza antchito kuti aliyense atole kanthu pa katundu wakale wa mu ofesi amene ogula anamukana. Anzawo anatenga mipando, ena mashelefu, wina wilibala. Anga anafika pakhomo ndi chibokosi chachitsulo cholemera kuposa thumba la simenti.

"Nanga ichi ndi chiyani?" ndinawafunsa.

"Eyakoni. Makina oziziritsa m'nyumba. Inali mu ofesi ya bwana wamkulu. Zaka zonsezi ndimangoimva kuzizira ndikamakasiya mafayilo, ndikutuluka msanga. Lero ndi yanga."

Anagumula khoma la chipinda chogona, mbali yoyang'ana kumsewu, n'kumangirira chikombole chake chachitsulo ndi simenti. Makina enieniwo ankalowa m'chikombolemo ngati dilowa ya tebulo. Anthu oyandikana nafe anawapatsa dzina loti lova wa eyakoni, ndipo iwo ankaseka nawo.

Chilimwe choyamba inagwira bwino ntchito. Nthawi imeneyo mwana wathu wamkazi anali moyo, ndipo masana kukatentha ndinkamugoneka m'chipindamo. Mwanayo anamwalira asanayambe kuyenda. Ankangotsegula m'mimba, zilonda m'kamwa, sikelo osakwera. Titamuika m'manda, palibe amene anayatsanso eyakoni ija. Inakhala chete m'khoma chaka chathunthu ndi miyezi ingapo.

Koma msewu sunakhale chete. Unali wafumbi, ndipo malole onyamula mchenga kumtsinje ankadutsa pamenepo kuyambira m'mawa, kupita kumene anthu ankamanga nyumba cha ku Kameza. Mnzathu wa mbali imeneyo anatsitsanso mulu wa mchenga pafupi ndi mpanda wathu, n'kulephera kumanga. Mphepo ya mu Ogasiti inkaukokolola pang'onopang'ono kuulowetsa paliponse pamene panali mpata.

Amuna anga anayesako kugulitsa kaunjika mu msika wa Ndirande, koma sizinapite patali chifukwa anayamba kudwala. Poyamba anali mashingozi, kenako chifuwa. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu, anawagoneka milungu ingapo, n'kuwatulutsa ndi mankhwala. Chifuwa chinachepa, koma thupi silinabwerere. Lamba ndinamuboola mabowo awiri atsopano ndi msomali. Kenako lambayo anasiya kufunika, chifukwa munthu wake sankadzukanso kuti avale buluku.

Masiku amenewo, pa mzere uliwonse panali nyumba ngati yathu, ya makatani otseka masana. Matendawo sitinkawatchula. Tinkangoti akudwaladwala, kapena tinkati ndi za masiku anozi, wofunsayo n'kugwedeza mutu.

Apongozi anga aakazi anabwera pa basi kuchokera kumpoto kudzandithandiza kudwazika, kuti ine ndizitha kupita kusukulu. Anali mayi wamtali, wosalankhulalankhula, wa mapemphero a m'mamawa. Chichewa ankalankhula chosakaniza ndi Chitumbuka. Ankanditchula mkamwana, monga amatchulira mkazi wa mwana wawo kwawoko, ndipo ine ndinkawatchula amama. Sitinkadana, koma sitinkadziwananso kwenikweni. Ine ndine wa ku Chiradzulu, ndipo ndikukhulupirira kuti mumtima mwawo ankafunabe mwana wawo akanakwatira kwawo.

Okutobala wa chaka chimenecho anali woopsa. Malata ankalira okha ndi kutentha. Wodwalayo ankatuluka thukuta mpaka matiresi kunyowa, ndipo zilonda za pamsana zinkamuyabwa. Lachisanu lina nditangofika kuchokera kusukulu, anandiitana.

"Mayi, tayatsani eyakoni ija. Ndikupsa."

Ndinazengereza, chifukwa chinthucho chinkandikumbutsa mwana. Komabe ndinalowetsa pulagi, n'kupotokola batani. Makina anabuula, n'kunjenjemera, kenako anatsokomola fumbi lofiira lomwe linadzaza chipinda chonse. Linagwera pa bulangeti, m'kapu ya madzi, pankhope pa wodwala. Amuna anga anatsokomola mpaka kusanza phala lonse limene anamwa masana. Kuzizira kunalibe olo pang'ono.

"Zimitsani! Mukufuna kundiphera mwana?" anakuwa apongozi ali pakhomo.

Nditazimitsa, titawapukuta, mpweya utabwerera, amuna anga anati, "Siinafe ayi. Yangotsekeka ndi fumbi. Ikufuna kutsuka."

"Ndikaitane wokonza mafiriji uja wa ku msika?"

"Ayi. Muno musalowe munthu. Akangondiona chonchi, mawa Machinjiri yense adziwa. Mutsuka inuyo. Ndikuuzani pogwira."

Ine ndinali ndisanatsegulepo makina aliwonse, ngakhale wailesi. Koma munthu amene anasiya kupempha chakudya, kusiya kupempha nyuzipepala, tsiku limenelo anapempha kanthu. Ndinavomera.

Loweruka m'mawa ndinayamba. Amuna anga anandilozera m'kabati momwe munali sikuludiraiva, n'kundiuza timasikuluwu tomasula. Tinali tadzimbiri, ndinachita kuthira mafuta ophikira kuti tiyende. Chivundikiro chakutsogolo chitachoka, ndinayesa kukoka makinawo, koma sanasunthe.

"Amama, mundithandize kukoka."

"Ine chinthu ichi sindichifuna," anatero. "Mphepo yochita kupanga ndi magetsi ingachiritse munthu?"

Anatero uku akumanga chitenje mwamphamvu m'chiuno. Anagwira mbali ina, ine ina. Makinawo anatuluka akukhukhuluza mchenga, ndipo tinawanyamula tikupumira m'njira, kudutsa pabalaza, kuzungulira nyumba, mpaka kukawatsitsa pa saka kunja, pansi pa khoma lomwe lija. Ndinasankha pamenepo dala. Chikombole chotsala m'khoma chinali ndi mipata kumbuyo kwake, ndiye amuna anga atatsamira pilo ankatha kundiona, ine ndikumamva mawu awo.

"Yambani ndi sefa," anatero. "Kali ngati kaukonde, kutsogoloko. Kokerani m'mwamba."

Chimene ndinasolola sichinkaoneka ngati ukonde. Chinali ngati chiguduli chokhuthala, chofiira, chouma gwa. Ndinachimenya pamwala, fumbi n'kundilowa m'maso ndi m'mano. Pansi pa makinawo panali mchenga weniweni, wa kumtsinje, wofika pa mfundo yachiwiri ya chala. Ndinaukapa ndi supuni. M'menemo ndinapeza buluzi wouma, zikamba za mphemvu, ndi chisoti cha botolo chimene sindikudziwa kuti chinalowa bwanji. Pa mapiko a fani, mavu anamangapo tinyumba tawo tadothi, ndipo n'chifukwa chake makinawo ankanjenjemera. Ndinatigumula ndi mpeni wa patebulo.

"Pansipo pali kabowo kotulukira madzi. Mwakaona?"

"Palibe bowo pano."

"Lilipo. Pakona, kumanja kwanu. Tengani sipoko ya njinga mutokose."

Linalipodi, lomatidwa ndi dothi. Mawu awo anali ofooka, koma m'mene ankandilamula munali kamoyo kamene ndinali nditakaiwala. Ankafika pokwiya ndikagwira polakwika. Ndinaona kuti kukwiyako kukundisangalatsa.

Kenako anandiuza kuti ndikulunge injini ndi mawaya onse m'majumbo, ndimange ndi mphira, kuti madzi asakhudze. Apa ndiye panabuka nkhani ya madzi. Mipopi inali itauma kwa masiku atatu. M'nyumba munali theka la diramu limene tinatunga ndi apongozi kuchitsime cha kutsidya, ndipo zofunda za wodwala zinali zitaunjikana m'beseni kudikira kuchapa. Nditatunga ndowa yoyamba, apongozi anandiimira kutsogolo.

"Mkamwana, madzi ochapira zofunda za wodwala mukusambitsa chitsulo?"

"Ndikatunga ena madzulo, amama."

"Ndi msana uti? Mwaonda inunso, simukudziona?"

Ndinaviika sefa ija m'madzi a sopo, madziwo n'kusanduka phala la dothi. Ndinataya, kuthira ena, kutayanso. Ulendo wachinayi m'pamene ukonde unayamba kuoneka, wotuwa, woti ukauika kudzuwa kuwala kumadutsa.

Ntchito yaikulu inali pa tizitsulo topyapyala, tondandalikana mothinana kutsogolo ndi kumbuyo kwa makinawo, momwe mphepo imadutsa. Mipata yake yonse inali yomatika. Amuna anga anati ndiyambe ndapopera ndi pampu ya njinga kuti fumbi louma lichoke, kenako ndikweche ndi mswachi wakale, kutsata mizere, kuchokera m'mwamba kupita pansi, ndikuthira madzi pang'onopang'ono ndi kapu.

"Osapingasa ayi. Mukapinda tizitsuloto mphepo sidutsa. Ndipo samalani, timacheka ngati lezala."

Dzuwa linali litafika pamutu. Lole ya mchenga inadutsa, fumbi lake n'kudzatera pomwe ndinali nditatsuka kale. Ndinatukwana chamumtima, n'kukwecha mwamphamvu. Mswachi unaterereka, ndipo zala zanga zitatu zinakhula pa tizitsulo tija. Poyamba sindinamve kupweteka. Ndinangoona magazi akutsika m'dzanja mpaka pachigongono, akudontha m'madzi a m'beseni.

Apongozi anali chapafupi akusankha nyemba. Anataya lichero, n'kuthamanga atatambasula manja kuti agwire dzanja langa. Pamenepo kuchokera m'khoma munatuluka mawu amene sindinkadziwa kuti amuna anga akadali nawo.

"Amama, lekani! Musakhudze magaziwo!"

Apongozi anaima. Ine ndinayang'ana kukhoma. M'mipata ya chikombole ndinkangoona maso awo, aakulu pankhope yotha. Anali asananenepo kanthu za matenda awo kupatula chifuwa. Ndipo magazi amene ankaletsa mayi awo kukhudza sanali awo. Anali anga.

Nkhuku za eni ake zinayamba kutola nyemba zotayika zija.

Apongozi anang'amba nsonga ya chitenje chawo ndi mano. Anagwira dzanja langa ndi manja awo osavala kanthu, analitsuka ndi madzi a m'kapu, n'kumanga chala chilichonse pachokha. Magazi anga anawadetsa zikhatho.

"Amama," anatero mwana wawo, tsopano motsitsa.

"Chete iwe," anayankha osatembenuka. "Ine ndakalamba kale."

Atamaliza anapita kuseri kukasamba m'manja, ndipo anakhalitsa kumeneko. Ndinatsala ndekha ndi makina ndi maso aja.

"Munadziwa liti?" ndinafunsa.

"Mwana atamwalira. Ndinakapimitsa ndekha m'tauni."

"Chaka chonsechi?"

"Ndinkaopa, mayi. Tsiku lililonse ndinkati ndikuuzani mawa. Ndinkati mukamva mundithawa." Anatsokomola kwa nthawi. "Inunso mukapimitse. Mwina Mulungu anakulambalalitsani."

Kunena zoona, sindinadabwe. Mayi amene waika mwana wodwala motero, n'kuona mwamuna wake akutha motero, amakhala akudziwa. Koma kudziwa wekha mumtima n'kosiyana ndi kumva kuti mnzako anali ndi pepala, analipinda, analibisa, n'kumadya nawe mbale imodzi osanena. Ndinayang'ana majumbo amene ndinakulungira injini. Ndowa inali pambali panga, yodzaza theka. Ndinaganiza zong'amba majumbowo, ndikhuthulire madzi onse mu injini, makinawo afe, iwo apse ndi kutentha mpaka tsiku lawo. Ganizolo silinangodutsa ayi. Ndinakhala nalo, dzanja lili pa ndowa, mwina mphindi zingapo. Ndikulemba izi chifukwa ndi zimene zinachitika.

Kenako ndinatola mswachi ndi dzanja lamanzere, n'kupitiriza kukwecha. Sindinawalankhulenso tsiku limenelo. Iwo anayesa kundiuza za tizitsulo tina timene ndinapinda, kuti ndiwongole ndi nsonga ya mpeni. Ndinawongola, koma osayankha. Pofika madzulo madzi otsukira ankatuluka oyera, ndipo ukasuzumira m'tizitsulomo unkaona mbali ina. Diramu inali itatsala pang'ono kuuma. Ndinasenza ndowa kupita kuchitsime, apongozi akunditsatira ndi yawo. Pokwera chitunda pobwerera anandiuza kuti nditule ndipume, iwo n'kuima nane.

Makinawo anayenera kuuma kaye. Tinawalowetsa m'khitchini kuopa akuba, m'mawa n'kuwatulutsanso padzuwa. Lamulungu limenelo sindinapite kutchalitchi. Masana tinawanyamula, kuwalowetsa m'chikombole, ine n'kubwezera sefa ndi chivundikiro. Nditapotokola batani, panalibe chochitika. Magetsi anali atazima, monga ankachitira kawirikawiri masiku amenewo. Tinakhala atatu m'chipinda chotentha, aliyense akuyang'ana kwake.

Magetsi anayaka cha m'ma folo. Eyakoni inalira mosalala, osanjenjemera. Poyamba inatulutsa fungo la dothi lonyowa, kenako mphepo inayamba kuzizira. Ndinaika dzanja lomangidwa lija patsogolo pake, ndipo zala zinasiya kuwawa. Kunja, madzi anayamba kudontha pa kabowo kamene ndinatokosa.

Amuna anga anatseka maso. "Mwaitha, mayi," anatero. Posakhalitsa anagona, pakamwa pali yasa, osatembenukatembenuka, tulo timene anali asanagone kwa milungu. Apongozi anakhala pamkeka pafupi ndi chitseko atafunda chitenje kumapewa. Anati chinthucho chikuwazizira m'mafupa, koma sanatuluke.

Eyakoniyo inathandiza amuna anga masiku osakwana khumi. Thukuta linachepa, zilonda za pamsana zinaumako, ndipo tsiku lina anadya nthochi ziwiri. Kenako chifuwa chinabwerera mwamphamvu, ndipo mphepo yozizira ija inkachiutsa. Thupi linalibenso mafuta odziteteza. Ankanjenjemera ngakhale titawafunditsa mabulangeti awiri, kunja anthu akuyenda ndi maambulera kuthawa dzuwa. Anali iwo eni amene anati, "Zimitsani basi. Yakwana." Ndinazula pulagi, ndipo sinayakenso m'nyumba imeneyo.

Ndinkawasambitsabe, kuwadyetsa, kuwatembenuza. Apongozi anandipezera magolovesi kwa namwino wina wa kutchalitchi kumene ankapemphera kuno, ndipo ankaonetsetsa kuti ndavala, ngakhale iwo sankavala. Kukhululuka sindikudziwa ngati ndinakhululuka nthawi imeneyo. Panali masiku amene ndinkawapukuta nkhope mwachifundo, ndi ena amene ndinkangogwira ntchito ngati ndikutsuka mbale. Iwo ankazindikira kusiyanako, ndipo sankadandaula.

Anamwalira kuchipatala mvula yoyamba itagwa, mu wodi yodzaza moti ena ankagona pansi pa mabedi. Maliro tinapita nawo kumpoto pa lole, ulendo wa tsiku lonse ndi theka, titakhala mozungulira bokosi. Titabwerako, abale anakhala pansi kukambirana za katundu. Ndinali nditamva zimene zinkachitikira amayi ena amasiye, ndipo ndinakonzeka kutsala ndi mkeka. Koma apongozi analankhula Chitumbuka mwachidule, mokweza, ndipo palibe anakhudza mpando kapena mbale. Mlamu wanga wamkulu anangopempha eyakoni, kuti ikhale chikumbutso cha mng'ono wake. Ndinamuthandiza kumasula. Anapita nayo ku Mzuzu, kumene anthu amagona ndi majuzi. Pa bowo la khoma ndinatsekapo ndi njerwa zosapaka pulasitala.

Kukapimitsa ndinazengereza miyezi isanu ndi itatu. Ndinkapita kusukulu, kulemba pa bolodi, kubwerera, kudziyang'ana m'khosi pa galasi. Tsiku limene ndinapita, ndinauza aphunzitsi anzanga kuti ndikukachotsa dzino. Kuchipatalako anandiuza kuti ndibwerenso patapita masiku kudzamva zotsatira. Nditabwerera, mayi wondilangiza anatseka chitseko, n'kukoka mpando wake kuyandikira wanga, ndipo ndinadziwa asanatsegule pakamwa. Anandipeza nako kachilombo. Mankhwala kunalibe nthawi imeneyo kwa anthu ngati ife. Anandiuza kuti ndizidya bwino, ndisamadandaule kwambiri. Anzanga ambiri amene anamva mawu omwewo chaka chimenecho sanafike pamene mankhwala anabwera. Chifukwa chimene ine ndinafikira sindichidziwa.

Kwathu ku Chiradzulu sindinauze aliyense, ngakhale mayi anga ondibereka. Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinamulembera kalata, ya mizere inayi. Yankho la kalata silinabwere. Patatha mwezi, kondakitala wa basi ya kumpoto anatumiza uthenga kusukulu kuti ndikatenge katundu wanga kudepoti. Linali thumba losokedwa ndi ulusi wa saka. M'kati munali ufa wa kondowole, nyemba, usipa wouma ndi botolo la uchi lotsekedwa ndi chitsononkho. Ndinafufuza mpaka pansi kufuna kapepala, koma munalibe. Matumba otero anapitiriza kubwera nthawi yokolola iliyonse, zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka chaka chimene apongozi anga anamwalira.